Tsiku Limene a Mbewe Analandidwa Mawu

Maliro a bambo Zakeyo Mbewe anatichititsa manyazi pang'ono. Si kuti anthu anachepa ayi. Komboni yathu ya Lwendulu kuno ku Hwange inabwera yonse, ena anatsika timabasi ta makombi kuchokera ku komboni ya Empumalanga, ndi a ku Makwika omwe. Chimene chinavuta n'chakuti itakwana nthawi yoti mwini maliro alankhule, tonse tinangoyang'anizana. Kwa zaka zambirimbiri munthu amene ankaimirira pa nthawi imeneyo, chipewa chili m'manja, anali iwowo, ndipo tsiku limeneli anali m'bokosi. Abusa anatsokomola, anatsokomolanso, kenako anangoyambitsa nyimbo.

Ine ndine wosoka zovala pamsika, cholembera ndimachigwira polemba miyezo ya m'chiuno mwa anthu basi. Koma chichokereni kumanda mwezi wathawu, aliyense akungoti a Mbewe anali munthu wofatsa, wosakonda mikangano. Bodza limenelo. Anali munthu wamakani, wokonda kulamula, ndipo tinkawakonda ali choncho. Ndiye ndati ndilembe mmene analili asanasanduke mngelo m'kamwa mwa anthu.

Tonse tinkawatchula kuti Amalume, ndi nkhalamba zomwe zimene zinali zazikulu kwa iwo. Anali aatali, owonda, ovala jekete yakuda ngakhale mu Okutobala, pamene dzuwa la ku Hwange limafewetsa phula pamsewu. Khutu lakumanzere linagontha kalekale mumgodi wa malasha, mmene ankagwira ntchito yoimika mitengo yochirikiza denga. Khutu limenelo linali ndi ntchito yake. Ukayamba kuwatsutsa, ankatembenuka pang'onopang'ono mpaka likuloze.

Anachokera ku Dedza ali mnyamata ndipo sanabwererekonso. Za Kamandama, mgodi uja unaphulika n'kutsekera anthu pansi, sankakonda kuzikamba. Kamodzi kokha anandiuza kuti chimene chinawapweteka koposa n'chakuti panali anyamata ena a kwathu amene palibe ankadziwa mudzi wawo ngakhale dzina la mayi awo, moti kunalibe kotumiza uthenga. Chiyambire pamenepo sankalola munthu kudutsa pakhomo pawo asanamukumbe chibale.

Kukumba kwake kunali kotere. Mnyamata akudutsa ndi njinga, iwo ali pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe, tabwera kuno. Ndiwe mwana wa yani?"

"NginguNdlovu, khulu," anayankha choncho mnyamatayo m'Chindebele, monga achitira ana athu onse masiku ano.

"Ndlovu wa chiyani? Agogo ako anali a Njobvu a ku Ntcheu, anawasinthira pa chitupa. Ine ndikufunsa mayi ako. Nanga mayi awo a mayi ako anali Nachiyani?"

Mnyamatayo amachoka pamenepo atachedwa kumene anatumidwa, koma ali ndi mudzi, mtsinje ndi agogo aakazi amene sanawamvepo. Chodabwitsa n'chakuti kukumba konseku nthawi zambiri kunkathera pamodzi: pena pake m'mbuyomo munkapezeka Nambewe, ndiye kuti iwo ndi malume ako. Tinkaseka, komabe tinkawafuna. Kuno malume weniweni wa munthu ali kutsidya kwa malire awiri, nanga ukwati ungadikire pasipoti? Ankhoswe a ukwati wanga anali iwo. Pa milandu ya mimba, pogawa katundu wa malemu, podula tsiku la kumeta, mawu omaliza ankakhala awo.

Lamulo lawo lalikulu, limene ankalilalikira ngakhale osafunsidwa, linali loti mwana ndi wa kuchikazi. Ankanena kuti bambo ntchito yake ndi kubereka, kudyetsa ndi kulipira sukulu, koma pa nkhani ya moyo ndi imfa ya mwana akhale pansi, alankhule a kwa mayi. Amuna a Chindebele ndi a Chinambya amene anakwatira ana athu ankapsa nazo mtima kwambiri. A Mbewe ankangowapatsa khutu lija.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaopa khutulo, chifukwa ankazungulira n'kukakuwira m'linzake. Ameneyo anali Anaphiri, mayi wamasiye wa nyumba yoyandikana nayo, wochokera ku Katete ku Zambia, wogulitsa tomato ndi kapenta. Nkhondo yawo inali ya nkhunda. A Mbewe anali ndi khola la nkhunda kuseri kwa nyumba, lokwezeka pa mitengo inayi, ndipo nkhunda iliyonse ankaidziwa mayi ake ndi agogo ake ngati munthu. Nkhundazo zinkakonda kwambiri waya woyanikapo zovala wa Anaphiri. Yunifomu ya mpingo yoyera ija ikangoyanikidwa, basi, komboni yonse inkadziwa kuti lero kuli msonkhano pampanda.

Akazi a a Mbewe atamwalira, kunalibe wachibale aliyense wa kuchikazi woti asambitse thupi ndi kukhala kumutu kwa bokosi. Malemuwo anali a kwa Phiri. A Mbewe anakumba mwachangu, n'kupeza kuti agogo a malemuwo ndi agogo a Anaphiri ankamwa mtsinje umodzi cha kumalire. Anaimirira pamaso pa anthu n'kulengeza kuti mayi uyu ndi mng'ono wake wa malemu, ndipo ana a nyumba ino ndi ana ake. Anaphiri anasambitsa thupi, analira monga mwa mwambo. Sabata isanathe anali atayambiranso kukangana za nkhunda.

Ana a nyumbayo anali awiri, Yohane ndi Esinati. Yohane anadwala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene matenda aja tinkangowatchula ndi maso. Anawonda, kenako mutu unamugwira kwa masabata. Anamutengera kuchipatala atasiya kale kulankhula. Madokotala anamubaya pamsana kuti atengeko madzi akawayeze, ndipo m'mawa mwake anamwalira. A Mbewe anaona ndi maso awo, ndipo kwa iwo mlandu unathera pomwepo: jakisoni wa pamsana amapha.

Si iwo okha ankakhulupirira zimenezi, tonse tinkatero. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anali malume wa aliyense. Mwana wa m'komboni akagonekedwa ndi mutu woterewu, adokotala n'kupempha chilolezo, makolo ankathamangira ku mtengo wa mango uja. A Mbewe ankavala chipewa, n'kupita kuchipatala kukakana. Ankakana mwaulemu, koma osasunthika. Odwalawo ankabwerera kunyumba ndi panado, ndipo patapita masiku a Mbewe omwewo ankaimirira pa maliro awo. Tinkati matenda akula mphamvu, palibe ankaganiza zina.

Esinati ndi mnzanga wa kusukulu. Anabwerera kwa bambo ake kuchokera ku Bulawayo cha pakati pa zaka za m'ma 2000, mwamuna wake atamwalira, iye diresi likungolendewera. Sanabise. Anandiuza ndikumuyeza kuti ndimubwezere masiketi: "Ndili nako kachilombo, mnzanga. Usandisokere zambiri." Mankhwala a ma ARV anali atangoyamba kumveka, ndipo dzina lake linali pa mzere wodikira.

A Mbewe anamusamala mmene ankadziwira. Kwathu wodwala amapatsidwa msuzi wa maunda, tiana ta nkhunda tija tisanayambe kuuluka, ndiye munthu amene sankalola kuti nkhunda yake igwidwe ngakhale pa Khirisimasi anayamba kukwera yekha pakhola ndi mpeni. Esinati pofuna kubweza ankasesa pansi pa kholalo m'mawa uliwonse, n'kukathira zitosi m'dimba la masamba. Masana ankapita ndi amayi ena kutchire kukatola nkhuni za tsanya, poti magetsi ankangozima, ife tili pafupi ndi pamene amapangidwira.

Mutu unayamba ngati mutu wamba. Anamanga duku mothina, anamata mandimu pamphumi. Kenako anayamba kusanza, kuwala kunkamulasa m'maso moti anatchinga zenera ndi bulangete. Tsiku lina anandiuza kuti akundiona awiri. M'mawa wotsatira nditalowa, anandiyang'ana n'kunditchula dzina la malemu mayi ake, khosi lili gwa. Tinapempha galimoto ya mwana wa Anaphiri, tinamunyamula kupita naye kuchipatala.

Adokotala anali mayi wamng'ono msinkhu, wamfupi, wovala nsapato za tenesi. A Mbewe Chingelezi sankachimva, ndipo Chindebele chawo chinali cha mumgodi, choncho womasulira ndinali ine. Adokotalawo anafotokoza mosazungulira. Anati akukayikira matenda amene anamwino amangowatchula kuti kiriputo, kachilombo ka fangasi, ka m'gulu la yisiti ndi chuku chimene chimamera pa chakudya chogona. Kamalowa ndi mpweya, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika kamakwera kumutu. Kumeneko kamatseka njira za madzi ozungulira ubongo, madziwo n'kudzaza n'kumapanikiza. Anati kubaya pamsana kuli ndi ntchito ziwiri, kuona ngati ndi kameneko ndiponso kuphungula madziwo. Popanda kutero, Esinati sakhalitsa.

Ndisanamalize kumasulira, a Mbewe anali ataimirira.

"Ayikona, dokotela. Ayikona faka lo nalithi," anatero m'Chilapalapa cha mumgodi, chimene chinkatuluka akakwiya. Kenako anatembenukira kwa ine. "Uwauze kuti singano imeneyo inanditengera kale mmodzi. Uyu ndi amene watsala. Amupatse mapiritsi, amuike diripi, achite zonse, koma pamsana ayi."

Adokotala anayesa, ine ndinayesa mpaka ndinagwada pa simenti. Anatipatsa khutu lija. Esinati anali kubuula kuseri kwa katani, mawu osakhala ake.

Anaphiri anafika dzuwa litakwera, atanyamula fulasiki ya phala. Anamvetsera kwa ine nkhani yonse, anaika fulasiki pansi, n'kumanga chitenje bwinobwino. Kenako anazungulira n'kukaima ku khutu lakumva.

"Imwe a Mbewe, nkhalani pansi."

"Anaphiri, pano si pampanda. Ino ndi nkhani ya m'nyumba mwanga."

"Nati nkhalani pansi. Mwana uyu ni wa ndani?"

"Ndi wanga, mukufunsa chiyani?"

"Wanu? Imwe amene mwakhazika pansi azibambo a komboni yonse, lero mwana wakhala wa tate? Pa maliro a amake munaima pamaso pa anthu, munati neo ndine mng'ono wa malemu, ana aba ni ana anga. Ninasambika mtembo na manja aya. Kapena munanama kuti nikugwirireni nchito?"

Anthu a pa mabenchi anali atasiya zawo n'kumatiyang'ana.

"Ngati munanama, kambani pano onse amve, nitenge phala yanga nizipita," anapitiriza Anaphiri. "Ngati simunaname, ndimwe tate chabe. Mlongosi wanga, malume wake weniweni, ali kutali, sangafike. Wa kuchikazi alipo pano ndine, ndipo nikuti amulase."

Ndinkaganiza kuti kuphulika. Munthu uyu anali asanagonjepo pa mkangano chibadwire changa. Anayang'ana Anaphiri, anayang'ana katani ija, kenako anakhala pabenchi. Adokotala anandifunsa kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo anati iwo afunika kumva kuchokera kwa bambo ake. Nditawauza, a Mbewe anayankha motsitsa, maso ali pansi.

"Uwauze kuti ine ndilibe mawu. Amve za mayi akewo. Chimene anene, ndavomera."

Ine ndi namwino tinamugoneka Esinati cham'mbali, tinamupinda mawondo afike pachifuwa. Ndinali ndi mantha kwambiri, chifukwa nanenso ndinakulira m'chikhulupiriro chomwecho. Ndinkayembekeza magazi. Koma chimene chinatuluka ndi madzi oyera mbee ngati a pampopi, akudontha mothamanga m'kabotolo. Anaphiri anamugwira dzanja akumuuza nkhani za mitengo ya tomato ngati ali pamsika. A Mbewe anali pakhonde panja, atayang'ana khoma.

Chakumasana Esinati anatsegula maso. Anapempha madzi m'Chindebele, anamwa, anandiyang'ana, ndipo ananditchula dzina langa. Ndinathamangira pakhonde kukawaitana. Analowa mwakachetechete ngati akulowa m'nyumba ya eni, n'kuima kumiyendo kwa bedi.

"Ababa," anatero Esinati, "mutu wapepuka. Nanga inu jekete kutentha konseku?"

A Mbewe anaseka. Kunali kuseka koipa, kosakanikirana ndi zina, ndipo anatuluka msanga kuti tisawaone. Ine ndinakhala pansi penipeni n'kulira ndi chimwemwe. Anaphiri anatsegula fulasiki, n'kudandaula kuti phala lazizira chifukwa cha makani a anthu ena.

Sanachire tsiku limenelo ayi. Madzi aja atayezedwa anapezeka kuti ndi kiriputo ndithu. Anakhala m'chipatala masabata angapo. Diripi ya mankhwala achikasu inkamunjenjemeretsa mpaka bedi kulira, ndipo mutu ukabwerera ankamubayanso. Ulendo wachitatu anachita kupempha yekha. Masiku onsewo a Mbewe ankafika m'mawa n'kukhala pakhonde paja mpaka nthawi yoona odwala.

Ndi pakhonde pomwepo pamene anandiuza chimene sindinachiyembekeze. Anati m'mawa uja ankadziwa kuti akakana, mwana apita ngati ana a anthu ena aja. Koma akavomera n'kumwalira, ndiye kuti ana ake onse awiri wawapereka yekha ku singano. Pakamwa pankangotuluka mawu amene anazolowera. Anati pamene Anaphiri anawakhazika pansi, anamva ngati mmene unkamvera mumgodi utasenza mtengo wolemera wekha, mnzako n'kubwera kudzalowetsa phewa. Anandiopseza kuti ndikakawauza Anaphiri zimenezi andichotsa ubale. Anaphiri akawerenga pano adziwa lero.

Tsiku lina adokotala aja akudutsa pakhondepo, a Mbewe anawaimitsa, n'kundikodola kuti ndimasulire. Funso loyamba linali la Yohane. Adokotala anati sangaweruze za wodwala amene sanamuone, koma chimene amachiona kawirikawiri n'chakuti anthu amabwera nawo odwala mochedwa kwambiri, singano n'kukhala chinthu chomaliza chimene abale achiona, ndiye mlandu umagwera iyo. A Mbewe anamvetsera mpaka kumapeto. Sanatembenuze khutu.

Funso lachiwiri linali lawolawo.

"Tsono mlendo ameneyu walowa m'mutu mwa mwana wanga, kwawo n'kuti? Ndi wa fuko lanji?"

Ndinachita manyazi kumasulira, koma adokotala anasangalala nalo funsolo, mpaka anakhala pansi. Anati n'zoona, fangasi ameneyu ali ndi mafuko. Pali mabanja awiri akuluakulu, ndipo m'kati mwa lililonse muli timagulu tosiyana chibadwa. Ena amapezeka kwambiri m'zitosi zouma za nkhunda ndi mbalame zina, ndipo afalikira dziko lonse lapansi. Ena amakhala m'mphako ndi m'makungwa ofumbwa a mitengo yakale, ndipo kuno kum'mwera kwa Afirika mtengo wa tsanya ndi umodzi mwa nyumba zawo. Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono onse amaoneka chimodzimodzi, timipira tovala chikhoto. Kuti udziwe fuko lake pamafunika makina owerenga chibadwa chake cha m'kati, amene ali kutali, ndipo kwa wodwala wa pabedi mankhwala amene anali nawo ndi omwewo.

Mawu oti nkhunda atangotuluka pakamwa panga, nkhope ya a Mbewe inagwa.

"Ndiye kuti ndamudwalitsa ndine. Ndine ndinamusiya azisesa pakhola."

Adokotala anapukusa mutu. Anati palibe angaloze chala pamenepo. Pafupifupi tonse a m'dera lino tinaupumapo fangasi ameneyu, ambiri tili ana, ndipo thupi lamphamvu limangomutsekera pakona, n'kugona zaka zambiri. Amadzuka chitetezo chikagwa. Esinati akanatha kumutenga pakhola, kapena kunkhuni, kapena ku Bulawayo, kapena ali kamtsikana kosewera pafumbi. Ngakhale fuko lake litadziwika, silinganene tsiku ndi malo. Chimene anapempha n'chakuti kuyambira tsopano asayandikire zitosi za mbalame, ndipo amwe mapiritsi ake tsiku lililonse osadumphitsa.

A Mbewe anapuma mpweya wautali. Kenako, poti anali a Mbewe, anayamba kudandaula. Anati chipatala chachilendo ichi, chogoneka mlendo masabata onsewa osamufunsa kwawo. Pofika kunyumba anali atagamula okha mlanduwo: mlendoyo ndi wa kumitengo, nkhunda zawo n'zosalakwa. Anaphiri atamva anagamula zawo: ndi wa kunkhunda, iwo ananena kalekale. Anakangana za fuko la fangasi ameneyu zaka zonse zotsala, aliyense ndi umboni wake, pamene mwini wake wa mutuwo ali pakati pawo akusenda mbatata.

Komabe khola a Mbewe analigwetsa Esinati asanatuluke m'chipatala. Anathira madzi pansi kuti fumbi lisauluke, monga anauzidwira, anamanga kansalu pamphuno, n'kuzula mitengo inayi ija okha. Nkhunda anazipereka kwa mnzawo wa ku Empumalanga. Patangopita masiku awiri zinabwerera zonse, ndipo posowa khola zinakatera padenga la Anaphiri. Anazibweza, zinabweranso. Mapeto ake Anaphiri anathetsa nkhaniyo m'njira yawo, ndipo mwezi umenewo ana a mzere wa nyumba zathu ananona. A Mbewe ankadya nawo osafunsa kuti ndiwo zachokera kuti.

Pagulu sananenepo kuti analakwa. Munthu wake sanali wotero. Koma ndinaona kuti anayamba kupita kumanda okha masana, kukalimira manda a ana aja anawakanira, ngakhale eni ake alipo. Ndipo makolo akabwera pa mtengo wa mango kuti Amalume tiyeni mukatikanire, ankavala chipewa monga kale, n'kuitana Esinati kuti awaperekeze. Kuchipatala sankalankhula zambiri. Ankangoti, "Uyu anabayidwa kangapo. Mufunseni." Ena ankavomera, ena ankakanabe. Mwa ovomerawo ena anachira, ena anapita ndithu, chifukwa matenda amenewa si ochezeka ndipo mankhwala nthawi zina ankasowa. Koma alipo anthu amene ndimawasokera zovala lero amene ndikanawasokera nsalu ya m'bokosi.

Esinati analandira ma ARV, thupi linabwerera, masiketi ndinachita kuwamasulanso. Khutu limodzi linatsala losamva bwino chifukwa cha matenda aja, ndipo bambo ndi mwana ankakhala pakhonde moyang'anitsa makutu abwino, akukuwizana nkhani zachinsinsi zimene mzere wonse unkazimva.

A Mbewe sanadwale nthawi yaitali. Chifuwa cha mumgodi chimene anakhala nacho zaka zonse chinangowonjeza, anagona sabata imodzi. Esinati ndiye ankawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa. Tsiku lomaliza anamuuza kumene kuli jekete yawo ina yatsopano imene sanaivalepo, anamuuzanso kuti akawauze Anaphiri kuti pa nkhani ya fangasi ija sanagonje, ndi wa kumitengo basi. Anapita masana, dzuwa lili pamutu, mutu wawo uli pamwendo pa mwana wawo.

Ndikudziwa kuti imfa ndi imfa, koma ndinene zoona: pa maliro amenewa mtima wanga unali wopepuka. Zaka zimenezi taona nkhalamba zambiri zikuponya dothi pa mabokosi a ana awo, n'kubwerera kunyumba yopanda wowatungira madzi. A Mbewe anatsala pang'ono kwambiri kukhala mmodzi wa iwo, ndi pakamwa pawo pomwe. M'malo mwake anatsekedwa maso ndi mwana wawo.

Nyumba ndi ya kampani ya mgodi, ndiye iyenera kubwezedwa. Esinati wapeza chipinda ku Empumalanga. Loweruka lapitali ndinapita kukamuthandiza kulongedza, koma ndinapeza galimoto itanyamula kale zonse. Zitseko zinali zotsegula, mawu akumveka kawiri m'zipinda. M'chipinda cha a Mbewe munatsala msomali pakhoma ndi mabala anayi pasimenti pamene panali miyendo ya bedi. Esinati anali mmenemo, atawerama ndi tsache lalifupi, kumbuyo atabereka kamdzukulu ka Anaphiri kamene kanakana kutsika.

"Iwe Esinati, leka izo, abwera azapyanga okha!" anakuwa Anaphiri ali pampanda. "Uzapweteka msana!"

"Msana uli bwino, Amama," anayankha osaweramuka.

Anasesa ngodya zonse, anatolera fumbi papepala n'kukataya kunja. Kenako tinaima pakhomo tonse awiri kuyang'ana m'katimo. Munalibe kanthu, dzuwa lokha litagona pasimenti yoyera, ndi mizere ya tsache.